Masiku Makumi Anayi pa Pepala la Rahwa

Aboy Habtezgi anawerenga pepalalo kawiri, kenaka analitalikitsa pang'ono ndi maso n'kuliwerenganso. Zala zawo zinayamba kuyenda zokha pabondo, kuwerenga masiku monga zinkachitira zaka makumi awiri zimene anatumikira ngati dikoni kumudzi, kufupi ndi Adi Kwala ku Eritrea. Masiku ano ankangosoka nsapato pachipata cha mpanda wa mayi Askale, muno mu Addis Ababa. Komabe aliyense wa ku Eritrea amene ankachita lendi mumpandamo akalandira kalata, ankayamba waionetsa kwa iwo.

"Kwatani, Aboy?" anafunsa Rahwa. "Lembani keyala basi, nthawi ikutha."

Mtsikanayu anali atavala kale nsapato zoyendera. Mayi ake, Abrehet, anamusiya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo tsopano anali ku Jeremani, kumene kwa zaka zitatu ankalimbana ndi boma m'khoti kuti mwana wawo awatsatire. Boma linkati palibe umboni woti mwanayo ndi wawo. Loya anachita apilo, woweruza n'kunena kuti akufuna pepala la ubatizo lenilenilo m'manja mwake, chithunzi ayi. Mlandu unali Lolemba likudzalo. Mayi wina wokwera ndege lero lomwe anavomera kulinyamula, bola limupeze isanakwane folo koloko. Pakangotha masabata asanu Rahwa adzakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo lamulo silidzamuyesanso mwana.

"Rahwa, unabadwa liti?"

"Pa 5 mwezi wa Hidar. Mesa zalembedwa pamenepo?"

"Zalembedwa. Alembanso kuti unabatizidwa mwezi wotsatira, pa 15 Tahsas." Anamuyang'ana modekha. "Kodi ndiwe mnyamata iwe, watibisira zaka zonsezi?"

Rahwa anaseka, koma kusekako kunathera panjira.

"Pa 5 Hidar kufika pa 15 Tahsas ndi masiku makumi anayi. Amenewo ndi a mwana wamwamuna. Wamkazi amadikira makumi asanu ndi atatu. Palibe wansembe kwathu, ngakhale wokalamba mpaka kuiwala dzina la mkazi wake, amene angasokoneze zimenezi. Nanga anakunyamula pa ubatizo ndani?"

"Adey Silas, a kuseri kwa chigayo."

"Apa alemba Ogbazgi. Mwamuna sanyamula mwana wamkazi."

Pakona ya chipindacho, chiwaya chokazingira khofi chinasiya kulira. Adey Letekidan, azakhali a Rahwa amene anamulera chichokereni mayi ake, anangochigwira pamakala osachigwedeza, mpaka fungo la kupserera linadzaza m'nyumba.

"Chidindo n'chenicheni," anatero Aboy Habtezgi, akupapasa pepalalo ndi chala chachikulu. "Siginecha ya wansembe n'njeniyeni. Koma ili si pepala la mwanayu. Alipo walisintha."

* * *

Anayambira pafupi, monga amachitira munthu wofuna singano imene yagwa m'nyumba.

"Adey, linafika liti pepalali?"

"Masabata atatu apitawo. Analibweretsa wamalonda uja wodutsa malire." Ankayankha maso ali pakhofi wopserera uja, akusankha njere zakuda imodzi imodzi. "Ndinaliika m'chitini, chitini pansi pa bedi. Kiyi ndi uyu." Anatulutsa chingwe cha m'khosi, pamene kiyiyo ankalendewera pamodzi ndi mtanda.

"Simunachokepo?"

"Loweruka ndinapita kumsika. Basi."

"Iwe Rahwa, unaliwerenga litafika?"

"Ndinangoona dzina langa ndi la amayi, n'kulipsompsona. Adey anati manja anga ali ndi mafuta." Anasendera pafupi. "Aboy, bwanji tingolitumiza? Azungu angadziwe bwanji za masiku makumi anayi? Iwo amabatiza tsiku lililonse."

"Loya anawauza chiyani amayi ako? Unandiwerengera wekha pafoni."

Rahwa anaweramitsa mutu. "Anati khoti lili ndi munthu wa kwathu woyesa mapepala, ndi nyali yoona inki yofufutidwa. Akapeza limodzi lachinyengo, mlandu watha."

"Ndipo amayi ako adzatchedwa abodza pa zonse zimene ananena chifikireni kumeneko."

Aboy Habtezgi anapinda pepalalo bwinobwino, naliika m'thumba la malaya. Aliyense mumpandamo ankadziwa kuti pepala la chidindo cha kumudzi ndi ndiwo kwa anthu achinyengo. Amafufuta dzina n'kuligulitsa kwa wina amene alibe. Ngati la Rahwa linabedwa, mwina panthawiyo linali kale ndi dzina la mwana wa eni.

"Kupatula inu awiri, ali ndi kiyi wa chitseko ichi ndani?"

Onse anayang'ana kukhitchini kwa mayi Askale, kumene kunkatuluka utsi wa injera, buledi wopyapyala wodyera ndiwo.

* * *

"Ehe! Ndiye lero ndasanduka wakuba?" Mayi Askale anaimika mkono m'chiuno, chikho cha phala losasa la injera chili m'dzanja linalo. "Zaka khumi ndi ziwiri ndikusunga anthu a kwanu inu, wina wapita ku Canada, wina ku Sweden, sanandisiyeko ngakhale supuni, lero mukuti Askale wakuba? Pepalalo ndikaphike ndiwo ya shiro?"

"Sindinatero, mayi. Ndabwera kudzabwereka maso anu. Mumpanda muno mulibe maso oposa anuwo."

"Pamenepo mwanena." Anatsanulira phalalo pachiwaya mozungulira, n'kuvindikira. "Funsani."

"Loweruka, Adey Letekidan atapita kumsika, analowa m'chipinda chawo ndani?"

"Ntchentche. Ine ndinakhala pompano kuyambira tambala mpaka madzulo, injera za ukwati wa mwana wa mchimwene wanga, chitseko chawo chili pamphuno panga. Mtsikana anapita kusukulu yake ya Chijeremani ija, kukaphunzira kulankhula ngati watsamwa fupa. Analowa ndi palibe." Anavundukula, n'kusolola injera ndi lichero. "Koma kumsikako ndiye ayi."

"Bwanji?"

"Msika wanji wopita wopanda dengu? Wopanda nsapato? Anatuluka kusanayere bwino, chimanjamanja, khofi osamwa. Kubwerako masana, mayo ine! Ali chonyowa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nsalu yoyera ija itamatirira thupi, mano akugundana. Ndinati, 'Letekidan, mvula inatha pa chikondwerero cha Meskel, inu mwaipeza kuti yanuyi?' Osandiyankha, kungolowa n'kutseka. Tsiku lonse zii. Ndinawapititsira tiyi wa tsabola, anangolandirira pakhomo ndi dzanja limodzi."

Aboy Habtezgi anakanda ndevu. Munthu wopita m'mawa osadya, wopanda nsapato, n'kubwera chonyowa dzuwa likuswa mtengo. Iwo anakhala dikoni nthawi yaitali kwambiri moti sakanalephera kudziwa kumene munthu wotere wachokera. Chimene sanadziwe n'chifukwa chake munthu angabise ulendo wabwino chotero.

"Palinso china?"

"Ine si wamiseche," anatero mayi Askale, akutsitsa mawu mokondwa. "Koma Lolemba ndikuchokera kogula makala, ndinawaona akutuluka m'kashopu ka Fitsum wa mafotokope, nsalu ataikokera kumaso ngati mkwatibwi. Inu mukumudziwa Fitsum. Amene uja angakupangireni pepala loti munabadwira mundege."

* * *

Pakhomo pa shopu ya Fitsum panali mzere wa masiku onse. Amayi obereka ana, anyamata a mafoni osweka magalasi, aliyense ndi envelopu yake pachifuwa. Anthu amene kwawo ankalima mbewu ya tefu ndi kuweta mbuzi tsopano ankatchula mayina a makhoti a mizinda imene sanaionepo, kutsutsana kuti woweruza wa kwakuti ndi wachifundo, lamulo latsopano laimitsidwa kapena ayi. Aboy Habtezgi anawadutsa akupepesa, nalowa.

"Abwana dikoni!" anafuula Fitsum, mnyamata wamkulu wa tcheni m'khosi, wokulira mutauni. "Mwatopa nazo nsapato? Tikupangeni wa zaka makumi awiri, mukasewere mpira ku Italy?"

"Tseka chitseko kaye, mwana wanga."

Anayala pepala lija pathebulo. Fitsum analiyang'ana kamphindi kochepa kwambiri, n'kuyamba kupukuta makina ndi kansanza.

"Sindinalionepo."

"Chabwino. Ndimafuna ndidziwe mmisiri wake, ndimuuze kuti ntchito wagwira yauve. Wabatiza mtsikana pa masiku a mnyamata, wamusiyira bambo wa ubatizo m'malo mwa mayi. Ntchito ya munthu amene tchalitchi amangochionera pawindo la minibasi."

"Yauve?" Fitsum anataya kansanza kaja. "Mdala, taonani inkiyo! Ndinasakaniza mitundu itatu kuti ifanane ndi ya wansembe wanuyo. Dzina la wonyamula mwana palibe anandiuza kuti ndilichotse. Masikuwo sindinawerenge ine. Ine ndimalemba zimene ndauzidwa."

Anazindikira kuti wadzigwira yekha, naseka mwamanyazi.

"Pepala lenileni la mtsikanayu wagulitsa kwa yani?"

"Ndikulumbira pa mayi anga, sindinaligwirepo. Mayi aja anabwera ndi ili lokha." Nthabwala zinamuthera. Anakhala pampando, n'kuyang'ana kukhoma. "Ine ndaona anthu ambiri muno, mdala. Ena amalira kuti ndiwatsitsire mtengo. Koma awa anandipatsa pepala, n'kulikananso kulisiya. Ine ndikukoka uku, iwo agwira uko. Nditathira mankhwala pa dzina linalipolo, anatembenuka kuyang'ana kumsewu, n'kumayimba chapansipansi ngati akugoneka khanda. Tsiku la ubatizo anawerenga okha pa zala, pathebulo pompa. Sindinawalipiritse, ndipo musakauze anthu, angandiyese wansembe."

"Dzina unafufutalo linali lotani?"

Fitsum anawauza. Aboy Habtezgi anatola pepalalo ndi manja awiri, mwaulemu kuposa mmene analibweretsera. Wotchi ya pakhoma inkati thu koloko yapitirira.

* * *

Anawapeza Adey Letekidan atakhala pabedi, chitini chili chotsekula pambali pawo. Rahwa anali pakhomo, maso ofiira. Pamiyendo pa mayiwo panali buku la Masalimo lakale, lachikuto chathabwa, ngakhale iwo sankadziwa kuwerenga.

Aboy Habtezgi anavula nsapato, nakhala pakampando ka khofi. Sanafulumire.

"Adey, Ogbazgi uja ananyamula mwana wa yani?"

Mayiwo anasisita chikuto cha bukulo. "Anali mnzawo wa malemu bambo a ana anga. Anamupatsa Merhawi kamwana ka mbuzi tsiku la ubatizo. Koyera, ka banga pamphumi."

Rahwa anagwira pakamwa. Merhawi anali mwana wotsiriza wa azakhali akewo. Anaimba foni komaliza zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ali ku Libya, kunena kuti boti linyamuka mawa, adzaimbanso akakafika. Foni imene mayi ake anamuyankhirapo tsikulo inali yakale, yamabatani, koma Adey Letekidan ankaitchajabe tsiku lililonse.

"Ndinabereka amuna okhaokha, atatu," anatero. "Zala zanga zimadziwa makumi anayi. Ndinawerenga monga ndinkawerengera ana anga, sindinaganize n'komwe."

"Loweruka munapita kumadzi odalitsidwa."

"Ku tchalitchi cha Mariam, kuphiri." Anapuma. "Ndinkaona anthu akutumiza mapepala abwinobwino, n'kubwezedwa. Mwana wa Hiwet anabwezedwa, wa Tirhas anabwezedwa. Ndinati ili lisapite lokha kwa azungu ngati mwana wamasiye, lipite litadalitsidwa. Ndinalikulunga m'pulasitiki, n'kuima pamzere ndi odwala. Itafika nthawi yanga ndinalitulutsa pang'ono chabe, kuti kadontho kamodzi kagwere pakona. Koma dikoni wa kumeneko ataona nkhalamba ikutukula manja, anandichitira chifundo. Ndowa yonse, khuthu!"

Anatsekula buku lija pakati. Munali pepala lofota, lamakwinya ngati tsamba la fodya. Inki ya buluu inali itayenderera kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chidindo chinkaoneka, mzere wa wansembe theka, koma pamene panali mayina panangotsala mtambo.

"Ndinaliyanika pachifuwa panga usana wonse. Dzina silinabwerere. Ndinati, Abrehet anandisiyira mwana kuti ndimusungire, lero ndamutsekera njira ndi manja angawa. Ndiye ndinakumbukira kuti m'chitinimu muli lina. Tchalitchi chomwecho, wansembe yemweyo." Anayang'ana Rahwa koyamba tsiku limenelo. "Merhawi salifuna pakali pano. Iwe ukulifuna."

"Adey, linali lokhalo munali nalo!" Rahwa anagwada, n'kuika mutu pamiyendo pawo. "Chithunzi chake chinatsala kumudzi. Linali lokhalo!"

"Leka kulira, unyowetsanso ili."

Aboy Habtezgi anatenga pepala lofota lija, napita nalo pakhomo pamene dzuwa linkalowera. Maso awo sanathe kuona kanthu.

"Rahwa, bwera ndi maso akowo. Lipendeketse chonchi. Ansembe a kwathu amalemba ngati akulima, cholembera chimakanda."

Mtsikanayo analipendeketsa uku ndi uku. "Ndikuona ngati mizere. Ichi n'chilembo choyamba cha dzina langa, kapena ayi, sindikudziwa. Apa pali 25. Kenako sindikuona."

"25 mwezi wa Tiri. Masiku makumi asanu ndi atatu." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Sindikunamiza, mwana wanga. Mwina nyali yawoyo iwerenga zotsalazo, mwina ayi. Woweruza akhoza kulitaya. Koma mlanduwu si wanga. Aimbire amayi ako."

Foni inaitana nthawi yaitali. Abrehet anayankha monong'ona, ali kuntchito, kunyumba yosungira okalamba. Rahwa anafotokoza zonse mothamanga, mawu akugundana.

"Linalo, losinthidwalo, likuoneka bwino?" anafunsa Abrehet.

"Likuoneka bwino kwambiri, amayi."

"Ndagula bedi, Rahwa. Chaka chatha. Ndimayala nsalu Loweruka lililonse, n'kuichotsa, n'kuichapa yosagonedwa." Anapuma mwamphamvu. "Apatse foni azakhali ako."

Adey Letekidan anailandira ndi manja awiri. "Mlamu, ndakulakwira."

"Munasala kudya popita kumadziko?"

"Ndinasala."

"Munamutchula dzina mwanayo pamaso pa Mariam?"

"Katatu. Ndi lako."

"Ndiye mwandilakwira chiyani?" anafunsa Abrehet. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuimirira pamaso pa anthu awa, kulumbira kuti sindinama. Andifunsa mtundu wa chitseko cha kwathu, andifunsa dzina la galu. Sindiyamba lero. Tumizani lonyowalo. Aboy alembe kalata yonena mmene linanyowera, loya akaimasulire. Akaseka, aseke."

Aboy Habtezgi analemba ataika pepala pabondo, zilembo zazikulu zosapindika: tsiku, phiri, ndowa, ndi mwambo wa masiku makumi asanu ndi atatu. Za Fitsum sanalembe. Mayi Askale, amene anamva zonse ali kuseri kwa chitseko, analowa okha kudzadinda chala kuti anawaona mayiwo ali chonyowa, akudandaula kuti inki iwadetsera injera. Rahwa anaika pepala lofota lija pakati pa makatoni awiri, namata envelopu. Nthawi inali itadutsa fili koloko. Anapsompsona azakhali ake pamphumi, nathamangira kokwerera minibasi, envelopu ataikumbatira mkati mwa juzi.

M'chipindamo munatsala anthu awiri. Aboy Habtezgi anatulutsa pepala la m'thumba lija, naliika pabedi.

"Dzanja langa likadali bwino, Adey. Ndikhoza kufufuta izi n'kubwezerapo dzina la Merhawi, ndi masiku ake. Silidzapita kukhoti lililonse, koma lidzakhala lake."

Adey Letekidan analitenga, napita nalo pakhomo, n'kulitukula kudzuwa monga anaonera Rahwa akuchitira. Anasuzumira nthawi yaitali.

"Fitsum anati dzina lakale silichoka lonse. Lilipo pansi pakepo?"

"Liyenera kuti lilipo. Ine sindingalione."

"Nanenso." Anayendetsa chala pamzerepo. "Ndipo pamwambapa ndi Rahwa?"

"Ndi Rahwa."

"Lisiyeni choncho. Woweruza akavomera, mwanayu apita, ndipo ine ndege sindidzakwera. Bola onse awiri akhale pamodzi m'chitinimu."

Analipinda motsata makwinya ake akale, naliika pansi pa foni ya mabatani ija, n'kukhoma. Kenaka anakokera mbaula pafupi, nayamba kukazinga khofi wina.